Pa Kuwala Palibe Poimika Galasi

Ine sukulu ndinaisiya isanandithamangitse. Nditafika potha kuwerenga manambala ndi kulemba dzina langa mopendekeka, ndinati zakwana, zotsalazo aphunzire ena. Ndiye amene akudabwa kuti nkhalamba yopanda mano ikulemba za kuwala ndi liwiro lake, adabwe ndithu, sindimuletsa. Nkhani imeneyi sindinaitole m'kalasi. Ndinaimva pansi pa mtengo wa msuku m'tchire la ku Chelstone, nthawi ya Chitaganya, pamene azungu anamanga maiko athu atatu pamodzi, ndipo ndi imene inadya ntchito ya achimwene anga.

Tinabwera ku Lusaka tili awiri kuchokera ku Nyasalande, kutsatira amalume athu amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Kamwala. Amalume ankafuna tonse tikhale atelala. Ine singano inandikana, ndinkasoka chala kuposa nsalu. Achimwene nawo anali ndi Sitandade Sikisi yawo ndi mutu wa masamu, makina osokera ankawaona ngati chipongwe. Anapeza ntchito pa kampani ina ya azungu yoyeza malo, ndipo pasanapite nthawi anandikokeranso ine komweko.

Masiku amenewo tauni inkatupa ngati chithupsa. Woodlands, Kabulonga, kenako Chelstone, tchire lonse lija ankalidula mapuloti oti azungu obwera amangepo nyumba. Ntchito yake inkayenda motere. Mzungu amaimika makina ake a miyendo itatu pamwamba pa chikhomo chokhomedwa pansi. Makinawo ife tinkangowatcha galasi. Amawerama, nkuika diso pakachubu kake, nkuyang'ana patali. Patali pamenepo pamaima munthu wakuda atagwira ndodo yaitali ya manambala, osagwedezeka, ngakhale ntchentche imulowe m'mphuno. Munthu ameneyo ndinali ine. Ena ankakoka tcheni, ena kulambula udzu, ena kukhoma zikhomo. Achimwene ankaima pambali pa bwana kulemba manambala amene bwanayo ankatchula, ndipo tikabwerera ku ofesi iwo ndiwo ankawonkhetsa.

Panali lamulo limodzi, losalembedwa paliponse, koma aliyense ankalidziwa tsiku loyamba. Galasi munthu wakuda amalinyamula pamutu m'bokosi lake, amalipukuta fumbi, amaligwirira ambulera kuti lisatenthedwe ndi dzuwa, koma saikapo diso. Mwamva bwino, sindinalakwitse. Galasi linali ndi ambulera yake ndi munthu wake woigwira. Ife tinali ndi zipewa za mlaza, amene anali nazo.

Achimwene chimene ankafuna pamoyo wawo chinali chimodzi: diso lawo lifike pakachubu kaja. Sikuti ankangofuna kusuzumira ngati mwana pazenera la baisikopo ayi. Pantchito imeneyo woyang'ana pagalasi ndiye saveya, wosayang'ana ndi boyi, ngakhale amere imvi mpaka m'makutu. Ankaphunzira maphunziro apapositi ochokera ku Joni. Lamlungu masana, anzathu ali ku mowa, iwo ali pachitseko cha kanyumba kawo kozungulira ka udzu ku Kabwata, thabwa pamaondo, pensulo m'kamwa, alamu anga akuthamangitsa ana kuti asasokose. Kanyumbako musakaiwale. Ankakhalamo chifukwa chitupa chawo chinkasonyeza kuti ali pantchito. Ntchito ikatha, nyumba nayo yatha.

Mabwana anali awiri. Wamkulu anali wa kum'mwera uko, khosi lofiira ngati la nkhukundembo, munthu wosawononga mawu pa ife. Achimwene atamupempha koyamba za galasi, anati ayambe akhoza masamu a Fomu Thu. Anakhoza. Anati tsopano akhoze matiriki, mayeso a ku Joni omalizira sekondale. Achimwene anagula thabwa lina, loyamba lija litatha ndi chiswe, nkuyambanso.

Wamng'ono anali atangofika kumene kuchokera ku Mangalande, mandala kumaso, mphuno ikusupuka ndi dzuwa mwezi ndi mwezi ngati mbatata yowotcha. Ameneyu ankakonda kucheza. Iye ankawatchula achimwene kuti Misita, mawu amene ankachititsa bwana wamkulu kulavula. Ine ndinkamukonda chifukwa ankasiya ndudu ikadali theka.

Tsiku lina wamkulu anali atapita ku tauni ndi jipi yake, ife tikupuma masana pansi pa msuku uja. M'mawa umenewo ananditumiza kutali kwambiri, kuseri kwa dambo, komwe ndodo sinkaoneka bwino, ndiye ndinkawawalitsira dzuwa pa kalilole kuti adziwe pomwe ndaima. Pofuna kuseketsa anzanga, ndinauza achimwene kuti, "Tamufunseni mzungu wanuyo. Dzuwa limene ndimamutumizira lija limafika nthawi yomweyo, silipuma panjira. Kodi nalonso amalilipira masheleni ngati athuwa?"

Achimwene anandiyang'ana moipidwa, koma bwana anali atamva kale kuti akunenedwa, ndiye anafunsa. Atamumasulira, sanaseke. Anakhala tsonga, nkuika kapu yake ya tiyi pansi ngati munthu amene wapeza m'bale wake kuchilendo. Zimene ndilembe apazi zinadutsa m'kamwa mwa achimwene, chifukwa Chingerezi changa chinkathera pa yesi bwana.

Anati kuwala sikufika nthawi yomweyo. Kumayenda, kungoti palibe chinthu padziko chothamanga kuposa iko. Ine ndinati aname, sanandione ndikuthawa apolisi a zitupa pa Kamwala. Anaseka pang'ono, nkuti chabwino, tenga njinga. Sitima ikamanyamuka pa siteshoni kupita ku Kopabeluti, iwe nkumapalasa pambali pake, umaiona bwanji? Ndinati imaoneka ngati yafooka. Anati ukapalasa mofanana nayo? Ndinati ndiye yaima, nditha kupempha fodya kwa munthu wa pazenera. Anati eya, zinthu zonse zili choncho, kupatula kuwala. Kuwala ukakuthamangitsa, kaya pa njinga, kaya pa ndege, kaya pa chinthu chimene sichinapangidwebe, ukakuyeza upeza kukukusiya ndi liwiro lomwe lija, lathunthu, ngati sunasunthe nkomwe. Woima ndi wothamanga, onse yankho ndi limodzi.

Kapitawo wathu, mdala wa ku Luapula, anali atagona chagada chipewa kumaso. Anangoti, "Imwe ba Nyasa, uyu muzungu wanu zuba yamuchita shani? Mupaseni manzi." Ankatanthauza kuti dzuwa lamuzunguza mutu, timupatse madzi.

Anthu anaseka. Achimwene okha sanaseke. Anali atathyola kamtengo nkumajambula pansi. Kenako anafunsa bwana funso lawo, ndipo anachita kundimasulira ine pambuyo pake chifukwa ndinawakakamiza. Anati, nanga munthu atatenga galasi ili, nkukaliimika pa kuwala penipenipo, miyendo itatu yonse, nkumayenda nako, angaone chiyani?

Mzungu uja anaomba m'manja. Anati funso limeneli lasowetsa tulo anthu amitu ikuluikulu kwawo. Ine ndinati yankho nlosavuta, angaone mdima, poti nyali waikhalira. Kapitawo anati angapse matako. Bwana anati ambiri amanena kuti nthawi ingaime, wotchi osagunda, koma kumeneko nkungolankhula. Yankho lenileni nlakuti malo amenewo kulibe.

Anaimirira nkukagwira mwendo wa galasi. Anati poyeza chilichonse umayamba ndi poima. Chikhomo ichi kwa ine chili phee, ndipo zonse ndimaziyeza kuchokera pano. Munthu wa m'sitima chikhomo chake ndi mpando wake, kwa iye mpandowo uli phee, siteshoni ndiyo ikuthawa. Tonse tikulondola. Tsono ukakhoma chikhomo pa kuwala, ndiye kuti kwa iwe kuwalako kwaima. Koma tanena kale kuti kuwala sikuimira munthu aliyense woyeza. Ziwirizi sizingakhalire pamodzi. Ndiye funsolo silili ngati khomo lokhoma limene kiyi wake wasowa ayi. Pamenepo palibe khomo, palibe chipinda, palibe pansi poti mwendo wa galasi uponde.

Ine ndinati, "Ndiye kuwala nako nkopanda chitupa. Kulibe pokhala." Izi achimwene sanamumasulire.

Nkhaniyo inandipindulira ine poyamba. Ndinaitenga kupita nayo ku holo ya mowa ku Kabwata, ndipo milungu ingapo ndinkamwa osagula. Ndinkaithira mchere, ndinkati azungu apeza kuti ngakhale utakwera lichero la mfiti ya ku Nyasalande, tochi ya wapolisi ikupezabe. Tsiku lina ndinabwerako masana nditatenthedwa pang'ono, nkupeza achimwene ali pathabwa lawo. Ndinati ndiwaseke.

"Achimwene, mzungu uja ankanena za inu. Munakhoza Fomu Thu, galasi linasuntha. Mukhoza matiriki, lisunthanso. Palasani njinga, achimwene, palasani. Liwiro lomwe lija."

Alamu anandiponyera chitsononkho. Achimwene anachotsa pensulo m'kamwa pang'onopang'ono.

"Iwe ndiwe chitsiru, koma lero wayandikira," anatero. "Kungoti wasakaniza zinthu ziwiri. Lamulo la kuwala sanaliike munthu. Palibe anakhala pa ofesi nkunena kuti anthu asafikeko. Pa kuwala palibedi poima, wamva iwe mwini. Nanga kumbuyo kwa galasi? Pali dothi. Ndimaimapo tsiku ndi tsiku, pambali pang'ono chabe. Phazi limodzi kumanzere, ndafika."

"Phazi limenelo ndi nyumba ino," alamu anayankha, osatukula mutu pa nyemba zimene ankasankha.

Achimwene anabwezera pensulo m'kamwa.

Matiriki anakhoza. Tsiku limene anakaonetsa pepala lake ku ofesi anavala jekete imene amalume anawasokera ulere, ine nkuwabwereka nsapato zanga, zothina. Bwana wamkulu pepalalo analigwira ndi zala ziwiri. Anati nzabwino, koma kampani imapereka galasi kwa munthu amene anagwirapo kale galasi kwina. Achimwene anafunsa kuti kwinako nkuti kumene munthu wakuda amaloledwa. Bwana anati limenelo si vuto la kampani. Wamng'ono anali pomwepo, akunola pensulo imene inali yonolanola kale. Potuluka anawatsatira pakhonde nkuwauza kuti, Misita, pirirani, zinthu zikusintha, Chitaganya nchakuti tonse tiyendere limodzi. Achimwene anavula nsapato zanga pomwepo nkundipatsa, nkuyenda chosavala mpaka ku Kabwata, jekete ili pathupi.

Pasanathe mwezi tinabwerera ku Chelstone kukamaliza mzere wina wautali. Bwana wamkulu anatisiya m'mawa. Wamng'ono anali atadwala malungo koma ankadzilimbitsa. Dzuwa litakwera anayamba kunjenjemera, manambala akuwatchula mobwerezabwereza, kenako anakagona pansi pa lole imene inkatinyamula. Mzere unatsala pang'ono, ndipo wamkulu anali atanena kuti akufuna uthe tsiku lomwelo. Ine ndinali patali ndi ndodo yanga. Zimene analankhulana sindinazimve ndi makutu anga, koma wogwira ambulera ndi kapitawo onse anandiuza zofanana. Achimwene anapita pa lole nkufunsa ngati angamalize. Bwana anatukula dzanja nkuti pitirizani, Misita, mukudziwa kale.

Ndinaona achimwene akubwerera pa galasi. Anaima pamalo pawo pa masiku onse, buku m'manja. Kenako anasuntha phazi lija. Anavula chipewa, nkupukuta manja pa kabudula, nkuwerama.

Ndodo sindinaigwirepo mowongoka ngati tsiku limenelo. Ndinasiya ndi kupuma komwe. Ndiye ndinaona akudzuka msanga, nkuyang'ana kwa ine ndi maso okha, nkuweramanso, nkudzukanso. Mapewa awo ankagwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndinati mumtima, abale, munthu wamkulu wa ana atatu. Atatero anayamba ntchito. Ankandikodola ndi dzanja kuti ndisunthire uku, ndisunthire uko, ndendende ngati mzungu, kungoti iwo ndikafika pamalo ankatukula chipewa. Ankayang'ana okha, kulemba okha. Wogwira ambulera anati anadzipeza waisendeza kuti mthunzi ufikenso pamutu pa achimwene, osadziwa kuti wachita liti.

Fumbi la jipi ndinaliona ine poyamba, chifukwa ndinali moyang'ana kumsewu. Ndinagwedeza ndodo, ndinakuwa, koma mphepo inkachokera kwa iwo. Achimwene anangondikodola mokwiya kuti ndiime bwino. Ndiye ndinaima bwino. Zonse zotsatira ndinaziona ndili chiimire, ndodo njo, chifukwa wogwira ndodo sachoka pamalo asanamukodole. Panalibe wondikodola.

Bwana wamkulu sanakuwe, sanamenye munthu. Anatsika, nkuima kumbuyo kwa achimwene mpaka iwo anamva mthunzi wake. Kenako anapita pa lole kukafunsa wamng'ono ngati iye ndiye analola. Kapitawo anati mnyamata uja anakhala tsonga, nkufunafuna mandala ake m'udzu nthawi yaitali, mandala ali m'thumba. Atawapeza anati mutu ukumupweteka kwambiri, sakukumbuka bwino zimene ananena.

Wamkulu anabwerera pa galasi. Anatulutsa hanki m'thumba, nkuthirapo mankhwala a m'kabotolo opukutira magalasi, nkupukuta kachubu kaja bwinobwino, kuzungulira, pomwe panakhudza nsidze za achimwene. Hankiyo anaitaya pansi. Kenako anatenga buku, nkung'amba tsamba limene achimwene analemba, nkuliyatsa ndi machesi a ndudu yake.

Pamene ndinkafotokoza nkhaniyi m'mabala zaka zapitazo, anthu ankafuna ndinene kuti atayezanso anapeza manambala a achimwene ali olondola, mzungu nkuchita manyazi. Akandigulira botolo ndinkanenadi choncho. Pano palibe wondigulira. Sindikudziwa ngati anali olondola. Achimwene nawo sanadziwe mpaka kufa. Tsamba linapsa lisanawonkhetsedwe, ndipo chimenecho ndicho chinkawawawa kuposa zonse. Ankati akanandisiyako ndione pomwe ndalakwa.

Madzulo ake sanawalole kukwera lole. Ine ndinatsika kuti ndiyende nawo. Kuchokera ku Chelstone kufika ku Kabwata si pafupi. Titafika theka la njira ndinalephera kupirira.

"Achimwene, munalira chiyani paja?"

"Ndani analira? Ndinkaseka."

"Munaona chiyani?"

"Ndinaona iwe," anatero. "Mutu pansi, miyendo m'mwamba. Ndodo yako, mitengo, dambo, zonse zozondoka. M'mabuku ndinawerenga kuti galasi limatembenuza zinthu, koma kuwerenga nkwina. Unali lende ngati mleme, kabudula wako wong'ambika uja ali kumwamba. Zaka zonsezi akhala akutiona choncho kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndiye iwe umati akafika ku ofesi atione bwanji?"

Tinaseka pamsewu paja ngati oledzera, mpaka mayi wina wosenza nkhuni anatipatukira. Titafika pomwe nyumba za Kabwata zimayamba kuoneka, kuseka kunatha kokha.

Chitupa chawo anachisaina m'mawa mwake kuti ntchito yatha. Makampani oyeza malo m'tauni anali ochepa ndipo mabwana ake ankamwera malo amodzi, ndiye kulikonse kumene ankapita nkhani inali itafika kale. Mwezi utatha, a khonsolo anabwera kudzatenga kanyumba kaja. Alamu ndi ana anakwera basi kubwerera kumudzi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangowasiyira achimwene mphika umodzi ndi bulangeti labwinopo, ndipo ine ndikanakonda akanawatukwana. Achimwene anapita ku Kamwala, pakhonde la amalume, pa makina omwe aja ankawaona ngati chipongwe. Munthu wa matiriki, tepi m'khosi, kuyeza ziuno za anthu.

Ine ntchito sinandithere. Wogwira ndodo wosagwedezeka ndi wosowa, bwana wamkulu ananena yekha. Ndinaigwirabe mpaka Chitaganya chinatha, mpaka mbendera inasintha, mpaka anyamata athu ochokera ku koleji anayamba kuwerama pa galasi ngati sikanthu. Achimwene anayesanso nthawi imeneyo. Mabwana atsopano anawauza mwaulemu, ba mudala, mapepala anu ndi akale, komanso pamafunika munthu amene anagwirapo kale. Maso nawo anali atayamba kufooka ndi ulusi wakuda.

Bwana wamng'ono uja, asanabwerere kwawo, anafika ku Kamwala. Ndinali pomwepo, linali Loweruka. Anaima m'fumbi pakati pa anthu ogula nsalu, thukuta kamukamu, atanyamula buku lachikuto cholimba. Anati Misita, ili ndi buku lofotokoza za kuwala zija, ndaona kuti inu ndi amene mungalimve. Anafunanso kunena zina, pakamwa pankatseguka nkutsekeka. Achimwene anaimirira, analandira ndi manja awiri, nkuthokoza m'Chingerezi chabwino. Anamufunsanso ngati malungo anatheratu.

Atachoka, anakhala pansi nkuliyang'ana bukulo kunja kokha. Makina awo osokera anali ndi mwendo umodzi waufupi, ankagwedera akamapalasa, ndipo kwa miyezi ankauchirikiza ndi kachibokosi kopindapinda. Anandiuza kuti nditukule mbali imodzi. Anachotsa kachibokosiko nkulowetsapo buku. Anagwedeza makina uku ndi uku, ali phee.

"Laima bwino," anatero. "Tandipatsa buluku ilo, mwini wake abwera masana."